Timizere Tiwiri ta Adokotala Afoleni

Chaka chakwana chimwalirire alamu anga, Adokotala Gideoni, amene Feira yense ankawadziwa ndi dzina loti Afoleni. Ana awo andipempha kuti ndilembe mawu oti akawerenge pa mwambo wowakumbukira, ati popeza ndine ndinagwira nawo ntchito nthawi yaitali, ndiponso ndine ndinkakangana nawo kwambiri. Akufuna timawu tabwino, toti anthu azimva akudya. Ndayesa, koma dzanja likukana. Ndakalamba, ndatopa, ndipo kunamizira wakufa kuti analibe banga si ntchito yanga. Ndilemba zomwe ndikudziwa, akaona kuti zachuluka adzadula okha.

Moyo wawo wonse alamu anandipempha chinthu chimodzi chokha, ndiye ndiyambira pomwepo. Anali atatsala ndi masabata atatu a moyo. Tinakhala pakhonde masana, dzuwa la kuno lija loti ngakhale mbuzi zimaleka kuba. Akazi awo, omwe ndi akulu anga a Malita, anali atapita kudimba. Anandikodola ndi chala.

"Mlamu, ndikafa mukanene kwa asisi anu. Ndifuna kugona pambali pa Zuze."

Zuze anali mwana wawo woyamba. Anagona ku manda a kwathu, kumudzi kwa amayi athu kufupi ndi Kavalamanja, kuyambira zaka za nkhondo ya m'malire. Koma alamu sanali akuno. Anali Mchewa wa ku Katete, mkamwini, ndipo mkamwini akafa abale ake amabwera kudzatenga chawo. Kuti alowe m'manda a kuchikazi pamafunika eni banja avomere, ndipo pa nkhani iyi tonse tinkadziwa kuti mawu omaliza ndi a Malita.

"Pakamwa muli napo, alamu," ndinawayankha. "Mugona nawo nyumba imodzi. Muwauze mweka."

"Ndayesa zaka sate. Mawu akana kutuluka."

"Imwe asilikali? Amene munaona nkhondo ku Bama?"

"Ku Bama kunalibe asisi anu."

Tinaseka, koma iwo kuseka kwawo kunathera m'chifuwa. Ndinavomera. Ndinavomera ndili wokwiya, chifukwa ndinkadziwa kuti andisenzetsa katundu amene iwo, mwamuna wathunthu, analephera kumunyamula.

Dzina la Afoleni analipezera pakhomo pawo pomwe. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanapse, ankaima pabwalo n'kukuwa kuti foleni. Ana asanu ankatuluka akuthamanga n'kuima pamzere, kuyambira Zuze mpaka kachitsiriza. Ankawayang'ana zikhadabo, m'makutu, kuseri kwa khosi, n'kutsitsa chikope kuti aone ngati magazi alipo. Mlendo akagona pakhomopo nayenso ankafola. Ine ndinafolapo ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndikutukwana chamumtima. Anthu a pa Boma ankati tsiku lina munthuyu adzafoletsa ndi nkhuku zomwe.

Komatu munthu yemweyo ndiye ankasoka mayunifomu a ana ake akang'ambika. Ankasoka ndi singano yopindika ya kuchipatala, kamsoko kalikonse ndi mfundo yake, moti kusukulu ana a Adokotala ankadziwika ndi makabudula ooneka ngati achita opaleshoni. Madzi kumtsinje ankakatunga okha, kuopa kuti ng'ona ingawatengere akazi awo. Amuna anzawo ankanong'onezana kuti a Malita anawadyetsa. Iwo ankangoti ng'ona singatafune nyama ya msilikali, n'kupitirira ndi zidebe zawo. Lamlungu ankaphika ndiwo, zoipa zedi, mchere ngati akufuna kuyanika nsomba, ndipo tonse tinkadya n'kuthokoza chifukwa ankaima pomwepo kutiyang'ana.

Za nkhondo yawo yoyamba sankanena. Anapita ali mnyamata, ku nkhondo ya azungu ija ya ku Bama, ntchito yawo inali yonyamula ovulala pamachira. Ukawafunsa ankangoti kunkagwa mvula, ndiponso kuti anaphunzira kugona choimirira. Atabwerako anaphunzira zomanga zilonda, boma n'kuwatumiza kuno. Alamu anawaona koyamba a Malita akugulitsa nsomba padooko, pomwe Luangwa amakumana ndi Zambezi ndi pomwe mabwato amawolokera ku Zumbo. Anagula nsomba masiku asanu otsatizana, munthu wosakonda nsomba. Pambuyo pake anawatumiza kunja kukamaliza maphunziro, anabwera ali dokotala weniweni, navalanso yunifomu ya usilikali. Banja linayenda nawo kampu ndi kampu. Nkhondo ya kutsidya itayamba kutayikira kuno, antchito a boma ochokera ku Lusaka anayamba kupeza zifukwa zochokera. Aliyense amayi ake anadwala mwezi womwewo. Alamu ndiwo anapempha okha kuti awabwezere ku Feira, ndipo akulu anga anakondwa kuti akubwerera kwawo. Nthawi zina ndimaganiza kuti akanakhala amantha ngati anzawo, bwenzi lero Zuze ali ndi zidzukulu.

Ine ndinalowa ntchito kuchipatala ngati wokolopa, kenako ndinakhala wogwira beseni ndi mabandeji. Kumeneko ndiko tinkakanganirana. Asodzi ankabwera ndi nsomba zothokozera, iwo n'kuwabweza nazo. Ine ndinkazungulira kukhomo la kuseri n'kukazilandira, chifukwa kubweza mphatso ya munthu wosauka ndi kumutukwana. Akadziwa ankandiitana muofesi n'kundilalikira ngati ndaba mfuti. Ndinkawauza kuti nsombayo adya kale dzulo kunyumba kwawo ndipo anapempha yowonjezera.

Mkangano waukulu unali wa pamzere wa odwala. Kwa iwo mzere unali ngati tchalitchi. Mkazi wa bwana wamkulu wa pa Boma anakhala pabenchi pakati pa amayi onunkha utsi wa nsomba mpaka anabwerera osaonedwa. Zimenezo tinasekera. Koma tsiku lina amayi athu, apongozi awo enieni, amene pamsewu ankawapatukira ndi kuwagwadira, anabwera ndi mwendo wotupa. Anawasiya pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Sindinawalankhule alamu sabata yathunthu. Nditatsegula pakamwa anandiuza zomwe ankauza aliyense, zoti chilonda sichidziwa kuti atate ako ndani. Analinso ndi mawu ena amene ankatiphunzitsa tonse: wolira kwambiri usamuope chifukwa mpweya ali nawo, uziopa amene wangoti zii. Mawu awiriwa ndinawamva mpaka kunditopetsa, ndipo onse anali oona.

Zaka zimenezo zinatikalambitsa tisanakalambe. Bwato likapita pakati pa Zambezi ankaliwombera kuchokera kutsidya, asodzi n'kuyamba kuwedza m'mabango ngati ana. Mumsewu munali mabomba okwirira, galimoto iliyonse inkaponda momwe yaponda inzake. Minda ya mapira ya m'mphepete mwa mtsinje inadyedwa ndi mbalame eni ake akuonerera patali. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali dzenje lobisalamo, ndipo nthawi ya mvula munkadzaza achule. Nkhondoyo sinali yathu. Omenyera ufulu a kutsidya anali ndi misasa yawo m'tchire, asilikali a azungu ankawasaka, ife tinali pakati chabe. Munthu unkadzuka wotopa, kugona wotopa, osadziwa chimene wagwira.

Zuze anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, atangomaliza kosi ya uphunzitsi. Anali wolongolola, wanthabwala, ndipo ndi yekhayo amene ankatha kuwaseka atate ake pamaso. Ankaponda pansi ngati msilikali n'kuwayang'ana iwo zikhadabo, iwo n'kumadzigwira kuti asaseke. Sabata imeneyo anapita kumudzi, ati kukafolera nyumba ya ambuye ake, amayi athu aja, ngakhale tonse tinkadziwa kuti kunali mtsikana.

Ndege zinabwera m'mawa, kumapeto kwa dzinja, chimanga chitayamba kudyedwa chachiwisi. Pa Boma tinangomva kugunda kwa patali, kosalekeza. Alamu sanadikire kuuzidwa. Anaponya mabokosi mugalimoto, n'kutitenga ine, anesi amodzi ndi dalaivala. Sitinafike kumudzi. Asilikali athu anatiimitsa panjira, ndipo tinatsitsa katundu pansi pa mitengo ya masau, pafupi ndi kamudzi kena komwe eni ake anali atathawa. Tinazula chitseko cha nyumba ina n'kuchiika pa migolo iwiri. Anthu anayamba kutuluka m'tchire, ena atanyamulidwa pamphasa, ena panjinga, ena akukwawa.

Pamenepo ndinaona ntchito imene alamu anaiphunzira ku usilikali. Anatenga botolo la jivi, mankhwala ofiirira aja opaka pazilonda, n'kundipatsa kuti ndigwire. Aliyense wofika ankamugwadira, kumugwira mtsempha, kumutsitsa chikope, kumukweza malaya n'kumusindikiza pamimba. Akatero ankaviika kamtengo mubotolo n'kumulemba pamphumi. Kamzere kamodzi, uyu apite pachitseko tsopano lino. Timizere tiwiri, uyu angadikire. Titatu, uyu mupatseni madzi ndi kumugwira dzanja. Sankafunsa dzina kapena mtundu. Msilikali, msodzi, mlendo wa kutsidya, onse ankalandira utoto womwewo.

Dzuwa litafika pamutu, Zuze anatulukira. Anali atabereka nkhalamba ina kumsana, malaya ake ong'ambika, fumbi mpaka m'nsidze. Anaitsitsa nkhalambayo bwinobwino, n'kuponda pansi, dzanja pamphumi.

"Atate, nafola!"

Ndinaona nkhope ya alamu. Sindinaionepo choncho ndi kale lonse. Anaimirira, kamtengo kali m'manja, n'kuyamba kupita kwa mwana wawo, ndipo ndikhulupirira kuti ankafuna kumukumbatira. Koma panali mayi wina amene anakhala nthawi yaitali ndi mwana wopsa manja, wa timizere tiwiri. Anakuwa kuti aliyense amve.

"Onani, onani! Wawo wafika. Lomba ise tafa!"

Anthu onse anatembenuka. Alamu anaima pomwe anali, patali ndi Zuze ngati kutalika kwa mkono.

"Wapweteka?"

"Kanthu kanilasa apa pambali. Kang'ono chabe, monga munga."

"Uyenda bwino?"

"Nachoka kumudzi na mendo, atate. Na katundu pamwamba."

Anatambasula dzanja n'kumulemba timizere tiwiri. Sanamugwire mtsempha, sanamukweze malaya. Pa anthu onse amene anafika pansi pa masau tsiku limenelo, mwana wawo yekha ndiye sanamukhudze. Anaopa kuti anthu anganene kuti Afoleni nawonso ali ndi tsankho.

"Alamu, muoneni mwana," ndinatero.

"Beseni, mlamu."

Ndinapita kukatenga beseni. Ndikulemba izi kuti ana adziwe: manja ndinali nawo nanenso, ndipo kukweza malaya sikufuna sukulu. Sindinakweze.

Zuze anakhala motsamira mtengo, akuseketsa ovulala anzake, akuwagawira madzi. Kenako anayamba kupempha madzi iye mwini, kawiri, katatu. Ife tinali pachitseko, magazi mpaka m'zigongono, ntchentche zili ponseponse. Dzuwa litapendeka ndinazindikira kuti papita nthawi ndisanamve mawu ake. Ndinacheuka. Anali chikhalire pomwepo, maso otsegula, milomo yotuwa, wangoti zii.

Kabala kake kanali pansi pa nthiti, kochepa ngati njere ya chimanga. Mimba inali gwa ngati thabwa. Atate ake anamunyamula okha n'kumuika pachitseko, anamung'amba, koma magazi onse anali atathera m'kati. Anayesa. Ndinawaona akuyesa zinthu zimene iwo eni ankadziwa kuti sizithandiza. Zuze anatisiya dzuwa lisanalowe kuseri kwa mapiri. Alamu anamufunditsa jekete lawo, anasamba m'manja mubeseni lomwe ndinagwira, n'kunena kuti wotsatira. Anthu anali akadali pamzere, ndipo anawaona onse. Mwana wopsa manja uja anachira. Lero ndi bambo wamkulu, amagulitsa nsomba padooko, ndipo amandipatsa moni mwaulemu. Ndimayankha, koma Mulungu andikhululukire, sindimugula.

Akulu anga anafika m'mawa mwake, wapansi. Uthenga anali ataumva kale panjira. Asanafike pomwe tinagoneka mwana, anadutsa anthu okhala pansi akukazinga chimanga, onse ndi utoto pamphumi. Anaima n'kufunsa mayi wina tanthauzo lake.

"Adokotala ndiwo atilemba. Tiwiri ni ise osadwala maningi, oti tingayembekeze."

Kenako anavundukula jekete lija.

Mtembo wa mwamuna amasambitsa ndi amuna, koma a Malita anawakankha kuti nkhope asambitse okha. Anapaka sopo. Anatikita ndi nsalu, kenako ndi ndimu. Amene anagwirapo jivi akudziwa kuti sachoka tsiku limodzi. Zuze tinamuika ndi timizere take tiwiri. Amayi ake sanawakalipire amuna awo, sanadzigwetse pansi. Anawafunsa funso limodzi, ine ndili pomwepo.

"Munamugwira?"

Ine bodza ndinali nditalikonza kale pakamwa. Akanangondiyang'ana, ndikanalumbira kuti anamupima thupi lonse.

"Sindinamugwire," anatero alamu.

Kuyambira tsiku limenelo akulu anga sanawaitanenso kuti atate ake Zuze. Ankati Adokotala, ngati wodwala wa pabenchi. Adokotala, madzi atentha. Adokotala, chakudya chili patebulo. Anawaphikira, kuwachapira, kuwasitira malaya zaka zoposa makumi atatu, koma akadwala ankayenda mtunda kukaonedwa ndi wina. Ngakhale panado wa m'manja mwa amuna awo sankamulandira. Patapita masiku angapo chichitikire maliro, ana anayi otsalawo anatuluka okha m'mawa n'kuima pamzere, atasiya malo a mkulu wawo kumayambiriro. Atate awo anatuluka, anayang'ana, n'kubwerera m'nyumba. Sanafoletsenso munthu, ngakhale dzina linawakanirira mpaka imfa.

Nkhondo itatha anawaitana ku Lusaka katatu, nyumba yabwino, mpando waukulu. Anakana katatu konse. Anzawo ankati kutentha kwa Feira kwawasokoneza mutu. Mwezi uliwonse ankamanga khasu panjinga n'kupalasa kupita kumanda, ndipo miyendo itafooka ankapempha malo m'bwato la asodzi. Kuchipatala anayamba kukweza malaya a aliyense. Wobwera ndi dzino, wobwera ndi diso, onse ankasindikizidwa pamimba. Anesi achitsikana ochokera m'tauni ankaseka kuseri kuti mdala wayamba kuzungulira mutu. Ndinkawasiya aseke, ndinalibe mphamvu zofotokoza.

Musaganize kuti m'nyumbamo munali chidani. Ndikanakonda zikanakhala choncho, chifukwa chidani chimatha kapena chimapha ukwati, anthu n'kupuma. Awa ankamvera wailesi limodzi, ankaseka zidzukulu limodzi. Alamu atatupa miyendo, a Malita ndiwo ankawatembenuza pabedi, kuwawenga zikhadabo, kuwaphera udzudzu. Koma dzina la Zuze silinatchulidwe onse awiri ali pamodzi, ngakhale kamodzi. Ine ndinkalowa m'nyumba imeneyo ndikuyenda mosamala, ndipo ndinkatulukamo mapewa akuwawa.

Alamu anamwalira Lachiwiri m'mawa, atamwa tiyi. Lachitatu ana a mlongo wawo anafika kuchokera ku Katete ndi lole, bokosi lili kale pamwamba. Ndinaona kuti ndikachedwa munthu apita. Ndinalowa m'nyumba ya maliro momwe akulu anga anakhala pansi atafunda chitenje kumutu, ndinakhala pafupi n'kuwanong'oneza.

"Asisi, alamu ananisiyira mawu."

"Niwadziwa."

"Munawamva kuti?"

"Munthu wopalira malo amodzi zaka zonse izi, Esinati, ufuna achite kunena? Nenze kuyembekeza kuti anipemphe yeka."

"Anayopa."

"Anayopa anthu tsiku lija. Anayopa ine masiku onse. Nanga mwana wanga anamuyopera ndani?"

Panja amuna anali atakhala pansi pa mtengo. Wamkulu wa a ku Katete analankhula mwaulemu, kuti abwera kudzatenga amalume awo akagone pafupi ndi amayi awo, kuti Feira wawadya zaka zokwanira. Sanalakwe. Alongo athu aakulu, omwe ndi mwini mbumba, anayankha kuti malo kumanda kwathu alipo, koma khasu silingagwe pansi mwini wa mwana amene anagona kale pamenepo asananene. Anatuma munthu kudzafunsa m'nyumba.

Namfedwa satuluka m'nyumba ya maliro, salankhula pabwalo, ndipo kumanda sapita dzenje lisanakumbidwe. Akulu anga anaimirira, anamanga chitenje m'chiuno n'kunena kuti awatengere kumudzi. Amayi a mpingo anagwira pakamwa. Panalibe amene anawaletsa. Tinakwera lole ya a ku Katete yomweyo, ine, iwo, alongo athu ndi adzukulu okumba manda ndi makasu awo.

Pambali pa Zuze panali poyera, popanda ndi kaudzu komwe, dothi losalala chifukwa chopaliridwa kwa zaka. Pa manda onsewo, odzaza chotero, panalibe amene anayerekeza kuikapo munthu. Adzukulu anaima pamenepo n'kudikira. Akulu anga anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaponda pa malo oyerawo, anayenda mapazi anayi kuchoka pa manda a mwana, n'kuima pomwe udzu unayambira.

"Kumbani apa."

Mkulu wa adzukulu anakanda m'mutu. "Amama, nanga apa poyera? Si ndiye pamene adala anakonza?"

"Apo musiye."

Alongo athu anafuna kulankhula, koma akulu anga anawaimitsa ndi dzanja. Anatembenukira kwa ine, ngati ndine ndinali ndi mlandu, ndipo mwina ndinali nawo.

"Nalema, Esinati. Mphamvu yomubweza ku Katete nilibe. Mphamvu yomugoneka pafupi na mwana nilibe. Zaka zonse izi nakhala pakati pa awa awiri. Nizagona pamene apo."

A ku Katete anabwerera ndi lole yopanda kanthu, bokosi lawo tinagwiritsa ntchito. Sindidziwa ngati ndinakwaniritsa zomwe alamu anandituma. Anapempha pambali, analandira pafupi. Ana awo amati amayi anakhululuka, ndipo ndimawasiya anene. Ine ndinali pansi pa masau paja, ndipo sindidziwa ngati chinthu chotero chimakhululukidwa chonse, kapena munthu amangochepetsa mtunda mpaka pomwe angathe. Ndinawakwiyira alamu kwa zaka zambiri, ndipo ndawasowa chaka chonsechi kuposa momwe ndinkayembekezera.

Sabata yatha tinapita kukalambula, ine ndi akulu anga, tonse ndi ndodo. Malo apakatiwo ndi opapatiza, ongokwana mphasa imodzi. Mvula ya chaka chino yameretsapo udzu, chisoso ndi kamtengo ka msau kamene mbuzi zakadya kale nsonga, chifukwa wopalira uja kulibe. Ndinafuna kuzula, anati ndisiye, adzukulu adzalambula tsiku lake. Anakhala pansi pomwepo, paudzupo, n'kuyamba kuzula za pa manda a Zuze ndi manja, kamodzikamodzi, osayang'ana kumbuyo. Dzuwa linakwera. Atatopa anaika manja pamiyendo, anatseka maso, n'kutsamiritsa msana pa mtumbira wa amuna awo.